Mwana wanga akufuna kukasewera mpira ku Saint John's: kodi mbiri ya makochi ake ikundiuza chiyani?

Funso

"Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Minneapolis ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga woyamba akumaliza sekondale chaka chino. Wakhala akusewera mpira wa kuno ku America, uja wothamanga nawo m'manja ndi kugwetsana, ndipo koleji ina yaing'ono yotchedwa Saint John's, ku Collegeville, yamupatsa malo. Iye wasangalala kwambiri. Akuti timu ya kumeneko inali ndi kochi amene anakhalapo zaka 60 ndipo sankalola anyamata kugwetsana pokonzekera masewera. Koma ndamva kuti kochiyo anamwalira. Ine ndikuopera mutu wa mwana wanga, ndipo fizi nayo ikundisowetsa tulo. Bambo ake ali kumudzi, akuti asiye za mpirazo azingowerenga. Kodi mbiri ya makochi akale ili ndi phindu lanji kwa mwana amene akupita lero? Ndimulole?"

Yankho

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanamuyankhe mwanayo. Mantha anu ndi a kholo loganiza bwino ndipo sindikuuzani kuti muwataye, koma mtima ukhale pansi. Mwana wanu sanasankhe malo oipa. Ndaphunzitsa anyamata masewera kwa zaka zoposa 25, poyamba mpira wa miyendo pa sekondale ina kwathu, kenaka kuno ku America monga wothandizira kochi wa mpira wogwetsanawu pa sekondale inanso. Anyamata anga angapo anapita ku makoleji ang'onoang'ono ngati ameneyu. Makolo awo akandifunsa ngati mwana akasungidwa bwino, ndimawauza kuti zikho zimene zili m'kabati ya sukulu aziona pambuyo. Ayambe aona mndandanda wa makochi: anabwera liti, anakhala zaka zingati, anachoka bwanji, ndipo amene analowa m'malo mwake anachokera kuti. Khalidwe la sukulu limaonekera pamenepo.

Saint John's ndi sukulu ya Akatolika ya anyamata okhaokha. Inayambitsidwa m'chaka cha 1857 ndi amonke a chipani cha Benedikito Woyera, ndipo amonkewo akadali pomwepo. Ili pakati pa nkhalango ndi tinyanja, kufupi ndi St. Cloud, ulendo wa ola ndi theka pa galimoto kuchokera kwanuko. Atsikana ali ndi koleji yawo chapafupi, College of Saint Benedict, ndipo makalasi amalowera limodzi. Mpira unayamba kumeneko m'chaka cha 1900. Timu yake anthu amaitcha Johnnies, imasewera mu ligi ya MIAC ya makoleji ang'onoang'ono a m'Minnesota, m'gawo lachitatu, lotchedwa Division III, la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji kuno ku America. Dzina la gawoli mulisunge, tidzalifuna tikafika pa nkhani ya fizi.

Kochi woyamba kuikweza timuyi anali Joe Benda, amene anasewerapo ku Notre Dame. Anabwera mu 1930 ndipo anatenga ligi mu 1932, 1935 ndi 1936. Atachokapo kwa zaka zingapo, George Durenberger anagwirizira timu natenganso ligi mu 1938. Benda anabwerera, anaphunzitsa mpaka 1949, n'kumwalira chaka chotsatira. Apa sukulu inachita zimene matimu ambiri amachita akasowa pogwira: inaitana katswiri wotchuka. Johnny "Blood" McNally anaphunzirapo pa sukulu yomweyo ndipo anasewerera Green Bay Packers mwaluso kotero kuti mu 1963 anali m'gulu loyamba la osewera olemekezedwa mu Pro Football Hall of Fame. Anaphunzitsa zaka zitatu zokha, 1950 mpaka 1952, osatenga ligi. Pochoka anauza amene ankalowa m'malo mwake kuti ku Saint John's palibe amene angapambane. Izi ndaziona kwathu ndi kuno komwe. Munthu amene mpira unkamumvera m'miyendo kapena m'manja nthawi zambiri amavutika kufotokozera mwana wamba zimene iye ankangochita mwachibadwa. Choncho kochi wina akayamba kukusimbirani matimu akuluakulu amene anasewerera, inu mumufunse za anyamata amene anawaphunzitsa, kuti ali kuti lero.

Amene anauzidwa mawu ofooketsa aja ndi John Gagliardi, kochi amene mwana wanu akumunena. Anabadwa mu 1926 ku Trinidad, m'chigawo cha Colorado, kwa makolo ochokera ku Italy. Ukochi anauyamba ali ndi zaka 16, mu 1943, pamene kochi wa timu ya sekondale yake anaitanidwa ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Timu ikanatha, koma iye monga kaputeni anaitenga n'kumaphunzitsa anzake uku akusewera nawo. Popeza panalibe wamkulu womuuza kuti zinthu zimachitika chonchi, anangochotsa zonse zimene iye ndi anzake ankadana nazo. Ankasimba kuti kochi wakale ankaletsa kumwa madzi pokonzekera masewera, poganiza kuti ludzu limalimbitsa mnyamata. Iye analola madzi, ndipo timu inayamba kuchita bwino. Mu 1949 anapita ku Carroll College ku Montana, kumene m'zaka zinayi anatenga ligi katatu. Ku Saint John's anafika mu 1953 ali ndi zaka 26, ndipo chaka chomwecho timu inakhala pamwamba pa ligi, koyamba chichokere 1938.

Anakhalapo masizoni 60, mpaka 2012. Ligi ya MIAC anaitenga maulendo 27. Zikho za dziko lonse anatenga zinayi: mu 1963 pogonjetsa Prairie View A&M 33 kwa 27, mu 1965 pogonjetsa Linfield, mu 1976 pogonjetsa Towson State 31 kwa 28, ndi mu 2003 pogonjetsa Mount Union 24 kwa 6, timu imene inali itapambana masewera 55 otsatizana. Chaka chomwecho cha 2003, mu Novembala, anapitirira Eddie Robinson wa ku Grambling amene anali ndi zipambano 408. Popuma pa ntchito anali atapambana masewera 489, kugonja 138 ndi kufanana mphamvu 11, ndipo palibe kochi wa mpira wa ku koleji amene anafikapo pamenepo. Mphoto ya wosewera wabwino koposa mu Division III imatchedwa dzina lake kuyambira 1993. Anamwalira mu Okutobala 2018 ali ndi zaka 91.

Manambalawo ndawatchula kuti mudziwe kuti mwana wanu sakukokomeza. Koma chimene chikukhudza inu monga mayi ndi mmene ankapambanira. Gagliardi anali ndi mndandanda wautali wa zinthu zimene pa timu yake sizichitika. Pokonzekera masewera panalibe kugwetsana pansi. Panalibe wezulo. Panalibe zitsulo zolemera zija zimene anyamata amakankha ndi mapewa. Panalibe kuzungulitsa bwalo ngati chilango, panalibe kukalipira. Kukonzekera sikunkapitirira mphindi 90, ndipo kunja kukaipa ankalowa m'nyumba. Sankafuna kutchedwa kochi, aliyense ankamuitana John. Wofuna kusewera sankabwezedwa, ndiye timu inkakhala ndi anyamata oposa 150. Onse a chaka chomaliza ankakhala makaputeni, kuti aliyense akadzamafunsira ntchito adzathe kulemba kuti anatsogolerapo timu. Ngakhale zolimbitsa thupi zoyambira ankazichita mwachidule ndi mwanthabwala: anyamata ankagona chagada n'kumauzana kuti kunja kwacha bwino.

Anthu ambiri akamva izi amaganiza kuti anali munthu wofewa amene anangochita mwayi. Ine amene ndaimapo m'mbali mwa bwalo ndikuuzani kuti anali wowerengera kwambiri. Mpira uwu umaseweredwa kamodzi pa sabata, Loweruka, masewera khumi pa sizoni kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Kukonzekera kumachitika masiku anayi kapena asanu pa sabata. Ngati anyamata akuombana mwamphamvu masiku onsewo, ndiye kuti kumenyedwa kochuluka kumene thupi likulandira kukuchokera kwa anzawo a timu imodzi, pa tsiku limene palibe pointi yoti apeze. Gagliardi ankafuna osewera ake abwino afike Loweruka ali athunthu. Nthawi imene ena ankaitayira pa kugundana iye ankaigwiritsa ntchito pobwereza kaseweredwe kamodzimodzi kambirimbiri, mpaka aliyense adziwe poima ndi popita popanda kuganiza. Ankakhulupiriranso kuti mnyamata wofika ku koleji kugwetsa mnzake anaphunzira kale ku sekondale, chimene akusowa ndi kudziwa kukhala pamalo oyenera nthawi yoyenera.

Phunziro limeneli ine ndinaliphunzira mochedwa, ndipo analipira ndi mwana wa eni. Chaka changa chachitatu kuno, Lachiwiri lina titagonja moipa sabata yapitayo, tinaganiza zowalimbitsa anyamata. Tinawaika awiriawiri kuti azithamangirana ndi kugwetsana, ndipo ine ndinali woimba wezulo. Mnyamata wina wa chaka chomaliza, wofatsa, amene sankajomba ngakhale tsiku limodzi, anagwera phewa n'kuguluka. Sizoni yake inathera pomwepo, ndipo inali yomaliza. Mayi ake anabwera kudzamutenga atavala yunifolomu ya kuntchito, ngati mmene mungabwerere inu. Sanandikalipire. Anangondifunsa kuti masewerawo anali ndi timu iti, ndipo ndinayenera kuwayankha kuti panalibe timu ina, anali anzake okhaokha. Kuyambira tsiku limenelo ndimatsutsa mchitidwe umenewu pa msonkhano uliwonse wa makochi. Dziko nalo layamba kutsatira. Kochi Buddy Teevens wa ku koleji ya Dartmouth anasiya kugwetsanitsa osewera ake pokonzekera cha m'ma 2010, makoleji onse a mu ligi yake ya Ivy League anagwirizana zomwezo za mkati mwa sizoni mu 2016, ndipo NCAA inaletsa kukonzekera kogundana kawiri pa tsiku mu 2017. Gagliardi anali atayamba kale zaka makumi angapo m'mbuyomo.

Tsopano funso lanu lenileni: munthuyo anapita, chatsala n'chiyani? Apa ndi pamene mndandanda wa makochi umathandiza. Taonani kuti pakati pa chikho cha 1976 ndi cha 2003 panadutsa zaka 27. Mu 2000 anafika mu fainolo n'kugonja kwa Mount Union 10 kwa 7. Sizoni yake yomaliza anapambana masewera asanu n'kugonja asanu. Palibe anamuthamangitsa, anachoka yekha ali ndi zaka 86. Inu ndi ine tikudziwa mmene zimakhalira ku matimu a kwathu, kochi akagonja masewera atatu otsatizana masapota ayamba kale kumudikirira pa geti. Kochi amene akudziwa kuti ntchito yake ili pa masewera a Loweruka likubwerali amaseweretsa mwana wovulala, amabisa zizindikiro, amalonjeza makolo zimene sangathe. Kochi amene akudziwa kuti chaka chamawa adzakhalapobe amatha kunena kuti mwanayu apume masabata awiri. Kudekha kumeneko ndi kwa eni sukulu. Ndimaganiza kuti si mwangozi kuti zinachitikira kwa amonke a Benedikito, amene mwa malumbiro awo limodzi ndi lokhala pa nyumba imodzi moyo wonse. Komanso mu Division III mulibe ndalama zambiri za wailesi yakanema zimene zimapenga nazo masukulu akuluakulu.

Ndipo Gagliardi atapuma, sukulu sinapite kukasaka dzina lotchuka ngati mu 1950. Inatenga Gary Fasching, amene anasewera pansi pa Gagliardi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anaphunzitsa sekondale ya Cathedral ku St. Cloud, kenaka anakhala womuthandiza kwa zaka zambiri asanatenge timu mu 2013. Timu sinagwe. Inabwereranso pamwamba pa ligi ndipo mu 2019 inafika mu semifainolo ya dziko lonse. Ndiye kuti kwa zaka zoposa 70 timuyi yakhala ndi makochi akulu awiri okha, wachiwiri wophunzitsidwa ndi woyamba. Ichi ndi chizindikiro chabwino kwambiri chimene kholo lingapeze. Kulowa m'malo mwa munthu wotchuka chotere kwagwetsa makochi ambiri, ndipo nthawi zambiri wolowayo amafuna kuonetsa kuti iye ndi wosiyana, n'kugwetsa zonse zimene anapeza. Munthu wakulira m'nyumbamo amadziwa chifukwa chake mzati uliwonse unaikidwa pamene uli.

Komabe musatenge mbiri ngati chikalata cha lonjezo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo kukhalitsa kwa kochi pakokha sikutsimikiza kuti zonse zili bwino. Joe Paterno anatsogolera timu ya Penn State kuyambira 1966, ankalemekezedwa ngati tate wa sukulu yonse, koma anachotsedwa mu Novembala 2011 zitaululika kuti amene kale anali womuthandiza ankachitira ana nkhanza zogonana, ndipo munthuyo khoti linamupeza wolakwa mu 2012. Munthu akakula kuposa sukulu imene inamulemba ntchito, anthu amaopa kufunsa mafunso. Sindikunena kuti ku Collegeville kuli zotere. Ndikunena kuti kulikonse kumene mwana wanu angapite, mudziwe kuti wosewera akakhala ndi dandaulo amakalitula kwa ndani amene sali pansi pa kochi.

Chinanso, kochi aliyense watsopano amasintha zina, ngakhale akhale wophunzira wokhulupirika chotani, ndipo malamulo a masewera nawo asintha. Zimene zinkachitika mu 1990 zisakhale yankho la funso la chaka chino. Mwana wanu apemphe tsiku lokaona sukulu, inu mupite naye, ndipo mukafunse ndi pakamwa panu. Pa sabata amagundana masiku angati, ndipo amagwetsana mpaka pansi kapena amangogwirana? Mnyamata akagunda mutu, amene amanena kuti abwerere m'bwalo ndi ndani? Yankho loyenera ndi dokotala kapena wachipatala wa timu. Mukamva kuti ndi kochi, kapena kuti mwanayo amadzinenera yekha, mudzuke muzipita. Mufunsenso amene adzakhale naye tsiku ndi tsiku, chifukwa pa timu yaikulu chotere mwana wa chaka choyamba amaonana kwambiri ndi wothandizira wa gawo lake kuposa kochi wamkulu. Othandizirawo akhalapo zaka zingati? Ngati amasintha chaka ndi chaka, pali chimene chikuwathamangitsa. Ndipo mupemphe kulankhula ndi mnyamata wa chaka chachitatu amene sasewera kawirikawiri. Katswiri wa timu amayamikira kulikonse. Wokhala pa benchi ndi amene angakuuzeni ngati anthu amalemekezedwa.

Nkhani ya benchiyo mukambirane ndi mwana wanu asanapite. Timu yosabweza munthu ndi yabwino, koma m'bwalo mumalowa anthu 11 okha nthawi imodzi. Mnyamata amene ku sekondale anali nyenyezi akhoza kutha zaka ziwiri asanaseweretsedwe mokwanira. Ndaona anyamata akusweka mtima ndi zimenezi kuposa ndi kuvulala. Amayamba kujomba m'kalasi, amadzitsekera m'chipinda, ndipo kunyumba amangoti zonse zili bwino. Kumbukiraninso kuti Collegeville ndi kumudzi, ophunzira ambiri ndi azungu a m'Minnesota momwemo, ndipo mwana wakuda wokulira mu mzinda akhoza kusungulumwa miyezi yoyamba, makamaka chisanu chikafika. Sukuluyi ili ndi ubale wakale ndi dziko la Bahamas ndipo ophunzira ochokera kumeneko akhala akubwera kwa zaka zambiri, choncho sadzakhala woyamba. Koma akakaona sukulu akacheze ndi ophunzira akuda payekha, inu mulibe, amve okha mmene amakhalira. Mukadzaona kuti wasiya kuimba foni, sakudya, kapena akulankhula zotaya mtima, musadikire tchuthi. Ku koleji kuli alangizi a za maganizo, ndipo kupitako si chamanyazi.

Za fizi tsopano. Mu Division III sukulu siloledwa kupereka sikolashipu chifukwa cha masewera. Thandizo lililonse limene mwana wanu angalandire lichokera pa magiredi ake ndi pa kapezedwe ka banja lanu. Izi zili ndi kuipa kwake, chifukwa mpira sudzakuchotserani ngakhale dola imodzi, ndipo sukulu zoti si zaboma ngati iyi mtengo wake wolembedwa ndi woopsa. Koma zili ndi ubwino umene makolo ambiri sauona: mwana akavulala, kapena akangotopa nawo mpira n'kusiya, thandizo lake silichotsedwa, popeza silinabwere ndi mpira. Kochi alibe chingwe chomukokera nacho. Musaweruze ndi mtengo wolembedwawo. Lembani FAFSA, fomu yopemphera thandizo la fizi ku boma, ngati mwana wanu ali woyenera, dikirani kalata yosonyeza thandizo lonse, ndipo musiyanitse bwino ndalama zopatsidwa ndi za ngongole, chifukwa m'kalatamo zimalembedwa pamodzi ngati zonse ndi mphatso. Kalatayo muiyerekeze ndi ya yunivesite ya boma. Ngati pali chimene simukumvetsa, pitani kwa mlangizi wa pa sekondale ya mwana wanu kapena imbani ku ofesi ya thandizo la fizi ya kolejiyo, ndipo musasaine ngongole iliyonse m'dzina lanu musanadziwe kuti pamwezi muzidzabweza zingati. Ngati ngongoleyo ikukulirani, ndikuuzani mosabisa kuti mbiri ya Gagliardi si chifukwa chokwanira choilowera. Makoleji ena a mu ligi yomweyo ali ndi matimu, ndipo mwana akhoza kusewera kwina.

Bambo ake sakulakwa kwenikweni. Kuchokera mu Division III kupita ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa, n'kosowa kwambiri. Ben Bartch wa ku Saint John's anatengedwa ndi timu ya NFL ya Jacksonville Jaguars mu 2020, ndipo nkhani yake inamveka dziko lonse chifukwa zotere sizichitikachitika. Mwana wanu apite akudziwa kuti mpira udzatha ali ndi zaka 22, ndipo chimene adzatuluke nacho ndi digiri. Kumene ndikusiyana ndi bambowo ndi poganiza kuti kusiya mpira ndiye kuwerenga. Anyamata ambiri amene ndawaphunzitsa amakhoza bwino m'miyezi ya masewera kuposa m'miyezi yopuma, chifukwa tsiku lawo limakhala ndi dongosolo ndipo pali wamkulu amene amaona magiredi awo. Mnyamata wofika ku koleji ali kale ndi anzake zana sasochera msanga. Ndipo anthu amene anasewerera timu ngati iyi amakokana pa ntchito kwa moyo wonse. Mu 2017 masewera a Saint John's ndi adani awo akale a St. Thomas anachitikira pa bwalo la Target Field mu mzinda wanu womwewo, ndipo anaonerera anthu oposa 37,000, pa masewera a makoleji ang'onoang'ono. Ambiri mwa anthu amenewo ndi ophunzira akale, ndipo ena mwa iwo ndi amene amalemba anzawo ntchito m'Minnesota.

Ndatsiriza ndi mutu wa mwana wanu chifukwa ndi umene mukuuopera kwambiri, ndipo pano sindikufuna kukunyengererani. Ngakhale pa timu yosamala chotani, Loweruka amagundana ndi mphamvu zonse. Chisoti chimateteza chigaza kuti chisasweke, koma sichiletsa ubongo kugwedezeka mkati. Ofufuza, makamaka a ku Boston University, apeza matenda a ubongo otchedwa CTE mwa anthu ambiri amene anasewera mpira uwu zaka zochuluka, ndipo chiopsezo chimakula ndi kuchuluka kwa zaka zimene munthu wakhala akugundidwa mutu. N'chifukwa chake kuchepetsa kugundana mkati mwa sabata kuli nkhani yaikulu. Musanavomere, mufunse mwana wanu mwachifatse kuti wagundapo mutu kangati mpaka kuona chizungulire, kuphatikizapo nthawi zimene sanauze munthu. Anyamata amabisa. Ngati zachitikapo kawiri kapena katatu, kapena ngati ulendo wina mutu unamupweteka masabata angapo, mupite naye kwa dokotala wodziwa za kuvulala kwa ubongo pa masewera, ndipo chimene dokotalayo anene chikhale chomaliza, ngakhale mwana alire.

Akayamba kusewera, zizindikiro izi muzidziwe inu ndi iye yemwe: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kudana ndi kuwala, kuiwala zimene zangochitika, kusagona bwino, kupsa mtima kosadziwika bwino. Chimodzi mwa izi chikaoneka atagundidwa, tsiku limenelo asabwererenso m'bwalo, ndipo adikire chilolezo cha achipatala. Kugundidwa kachiwiri ubongo usanachire ndi kumene kumaopsa koposa. Koma akamasanza mobwerezabwereza, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akakomoka kapena kugwidwa khunyu, akamalankhula mosamveka, dzanja kapena mwendo ukafooka, kapena akamavuta kudzutsa, imeneyo ndi yoimbira 911, nambala ya zangozi, nthawi yomweyo.

Pali china chimene chimatikhudza ife ochokera ku Africa kuposa anzathu ambiri a pa timu. NCAA imafuna kuti wosewera aliyense adziwike ngati ali ndi chibadwa cha sickle cell m'magazi. Munthu akhoza kukhala nacho osadwala moyo wake wonse, koma pothamanga mopitirira muyeso, kunja kukutentha, thupi lilibe madzi okwanira, akhoza kugwa mwadzidzidzi, ndipo osewera ena amwalirapo motero. Nthawi yoopsa ndi Ogasiti, pamene timu imayamba kukonzekera dzuwa lili pamutu. Musadikire sukulu, kamuyezetseni kwa dokotala wanu miyezi isanafike. Akapezeka nacho saletsedwa kusewera, koma achipatala a timu ayenera kudziwa, ndipo iye aphunzire kuima akamva miyendo kulemera kapena mpweya kuchepa, ngakhale anzake akupitiriza. Pa ulendo womwewo muuze dokotala ngati m'banja mwanu kapena mwa bambo ake munafapo munthu wachinyamata mwadzidzidzi, kuti amuyeze mtima. Mufunsenso ku sukulu kuti mwana akavulala pa masewera bilu amalipira ndani, inshuwalansi yanu kapena yawo, ndipo yankholo akupatseni polemba.

Mwandifunsa ngati mumulole. Dokotala akapeza kuti ali bwino, kalata ya fizi ikakhala yoti mungaisenze, ndipo mayankho a makochi a lero akagwirizana ndi mbiri imene mwana wanu wakusimbirani, ine ndikanamulola. Mukapita kukaona sukulu, yesetsani kuti likhale tsiku la mkati mwa sabata pamene timu ikukonzekera, chifukwa Loweruka pa Clemens Stadium pamakhala nyimbo ndi chikhamu, ndipo aliyense amaoneka wabwino. Mukaime m'mbali mwa bwalo mphindi makumi atatu. Mumvetsere mmene akulu akulankhulira kwa mnyamata amene walakwitsa, muone ngati madzi ali pafupi ndipo aliyense akumwa momasuka, muone ngati wachipatala ali pomwepo. Mukatero muwaimbire bambo ake muli pabwalo pomwepo, mwanayo ali pambali panu, kuti nawonso afunse zawo.